Magetsi akabwera ndiye zinthu zikupsa: kodi vuto lili m'nyumba kapena kunja?

Nachisale

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za magetsi, chifukwa zimene zikuchitika m'nyumba mwanga zandisowetsa mtendere. Kuthima kwa magetsi ndinakuzolowera kale moti sindidandaula nakonso. Ndili ndi tochi ndi nyale ziwiri zotchaja, ndipo ana amadziwa kuti ntchito ya kusukulu ayenera kuilemba kusanade. Chimene chikundiopsa ndi zimene zimachitika magetsiwo akabwera.

M'miyezi iwiri yapitayi ndataya tchaja ya laputopu, mababu anayi ndiponso wailesi yakanema. Wailesiyo inapsa ine ndikuona. Magetsi atangobwera, babu la pabalaza linawala modabwitsa ngati dzuwa la masana, kenaka kumbuyo kwa wailesi kunamveka kaphokoso kakuti "tsi", ndipo m'nyumba monse munadzaza fungo la pulasitiki wopserera. Chiyambireni tsikulo ndaona kuti madzulo mababu amawala kwambiri kenaka n'kuchita chizimezime popanda amene wakhudza swichi, ndipo firiji nthawi zina imalira mobuula ngati ikukanika kuyamba ntchito.

Palinso china. Mvula ikagwa, breaker yaikulu ya pabokosi la magetsi imagwa, ndipo ndikaikweza imagwanso mpaka kunja kutauma. Amuna anga akuti tigule jenereta, pamene ine ndimaganiza za batire ndi inveta, chipangizo chosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba. Kodi chimodzi mwa ziwirizi chingathetse mavutowa? Ndiponso, kodi chakudya cha m'firiji chimakhala chili bwino kwa nthawi yaitali bwanji magetsi akathima?

Mmisiri Wopuma

Mayi, ndagwira ntchito yoika ndi kukonza mawaya m'nyumba kwa zaka zambiri, ndipo pempho langa loyamba ndi lakuti nkhani ya jenereta ndi inveta muiyike kaye pambali. Mwatchula mavuto atatu osiyana, ndipo palibe ngakhale limodzi limene lingathe chifukwa chogula jenereta kapena inveta.

Loopsa kwambiri ndi la mababu amene akuwala mopyola muyeso. Babu likamachita chizimezime, zifukwa zake zimakhala zambiri, koma likamawala kuposa masiku onse ndiye kuti mphamvu ya magetsi yakwera, ndipo kawirikawiri chimayambitsa zimenezi ndi waya wa neutral amene wakhwefuka kapena waduka kunja kwa nyumba. Thiransifoma imatulutsa mawaya atatu a moto, amene timawatcha ma phase, pamodzi ndi waya mmodzi wa neutral amene nyumba zonse zimagawana. Nyumba yanu imatenga phase imodzi ndi neutral, ndipo pakati pa awiriwa pamayenera kukhala mavolti pafupifupi 230, pamene pakati pa phase ndi phase inzake pamakhala mavolti 400. Neutral akakhala wolimba, nyumba iliyonse imalandira gawo lake. Akakhwefuka, mphamvu imayamba kupendekeka ngati sikelo: nyumba zimene zayatsa zinthu zambiri zimalandira mavolti ochepa, ndipo zimene zayatsa zochepa zimalandira ochuluka, nthawi zina mpaka kuyandikira 400. N'chifukwa chake zimavuta kwambiri madzulo, pamene aliyense wayatsa kuka, ketulo ndi giza, ndiponso pa mphindi imene magetsi angobwera, pamene zipangizo za m'nyumba zonse zimadzuka nthawi imodzi.

Musanaitane munthu aliyense, funsani anzanu oyandikana nawo. Mukapeza kuti ena mababu awo amachita chizimezime pa nthawi yomwe anu akuwalitsa, ndiye kuti mwapeza kale umboni. Kenaka itanani mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso kuti ayeze mavolti pabokosi, makamaka madzulo. Pa magetsi a mavolti 230, muyeso wovomerezeka m'mayiko ambiri umalola kukwera kapena kutsika ndi magawo 10 pa 100 alionse, kutanthauza pakati pa 207 ndi 253. Akapeza kuti akupitirira pamenepo, thimitsani swichi yaikulu ndipo mukadziwitse kampani yamagetsi, ndipo pofotokoza musangonena kuti magetsi akuvuta, koma munene kuti mukukayikira kuti neutral wakhwefuka ndipo zipangizo zikupsa. Mawu amenewa ogwira ntchito kumeneko amawamva msanga chifukwa amadziwa kuti nyumba ikhoza kuyaka. Musalole kuti mmisiri wanu akwere pholo, chifukwa mbali imeneyo si yake.

Anthu ambiri amakhulupirira ma ekisitenshoni olembedwa kuti surge protector. Amenewa amathandiza pa kulumpha kwa mphamvu kwa kanthawi kochepetsetsa, monga kumene kumabwera ndi mphenzi yogwa patali, koma mavolti akakwera n'kukhala pamwamba kwa mphindi zingapo, iwonso amapsa pamodzi ndi zimene amateteza. Chofunika pa vuto lanuli ndi kachipangizo koyeza mavolti kamene kamadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri, n'kudikira kanthawi kasanawalumikizenso. Kalipo koika pabokosi kuti kateteze nyumba yonse, ndipo kaliponso kolowetsa pasoketi ya firiji, kamene kamadikira mphindi zitatu kapena zisanu. Kudikirako n'kofunika, chifukwa injini ya firiji ikathima n'kuyatsidwanso nthawi yomweyo imavutika kuyamba, pakuti mpweya wa m'mapaipi ake umakhala usanakhazikike. Kubuula kumene mwamvako mwina n'kumeneko, kapena ndi nthawi imene mavolti atsika. Pakadali pano, magetsi akathima zulani mapulagi onse, musiye babu limodzi lokha lokudziwitsani kuti abwera, ndipo muliyang'ane kwa mphindi zingapo kuti muone ngati likuwala mokhazikika musanalumikize zinthu zina.

Za breaker imene imagwa mvula ikamagwa, ndikuganiza kuti ndi ija yokhala ndi kabatani kolembedwa chilembo cha T. Ntchito yake ndi kuyerekeza magetsi amene akulowa ndi amene akubwerera, ndipo ikaona kuti ena akuthawira kwina, ngakhale ochepa ngati ma milliamp 30, imadula. Muyeso umenewu anausankha pofuna kupulumutsa munthu amene wagwidwa nyesi. Choncho breaker yanuyo sinawonongeke, koma ikukuuzani kuti madzi akulowa penapake, mwina m'nyale ya panja, m'soketi ya pakhonde, kapena m'mawaya a kudenga ngati denga likudontha. Ikadzagwanso, tsitsani ma breaker onse aang'ono, mukweze yaikuluyo, ndipo muzikweza aang'onowo mmodzimmodzi. Amene adzagwetse yaikuluyo ndiye wa mbali yovutayo. Mumusiye chotsitsa mpaka mmisiri abwere, nyumba yotsalayo izigwiritsa ntchito magetsi. Akapezeka munthu wokuuzani kuti aichotse kapena ailambalale kuti isamavutenso, ameneyo musamupatsenso ntchito.

Namwino wa Usiku

Za mawaya ndisiyira a Mmisiri, ine ndiyankhe za firiji. Malangizo amene a zaumoyo amapereka ndi akuti firiji yosatsegulidwa imasunga chakudya bwino kwa maola pafupifupi 4, pamene mbali youmitsa ija, ikakhala yodzaza, imatha kusunga kwa maola 48, ndipo ikakhala theka, maola 24. Chinsinsi chake chili pa mawu akuti "yosatsegulidwa", ndipo m'nyumba ya ana zimenezi n'zovuta, chifukwa aliyense amafuna kusuzumiramo kuti aone ngati mukuzizirabe. Ine ndimadzaza mabotolo a madzi osafikitsa pakamwa, n'kuwaumitsa nthawi imene magetsi alipo, ndipo akathima ndimasamutsira awiri kapena atatu pashelefu ya pamwamba m'firiji, pakuti mpweya wozizira umatsikira pansi. Nyama, nsomba, mkaka ndi zotsala zophikaphika ndi zimene zimayamba kuwonongeka kutentha kukapitirira madigiri 5, ndipo musadalire mphuno, chifukwa tizilombo tina toyambitsa matenda sitisintha fungo kapena maonekedwe a chakudya. Ngati m'nyumbamo muli wina wosunga insulin ya matenda a shuga, dziwani kuti yosatsegula imafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo isagunde botolo la ayezi, chifukwa ikauma imawonongeka.

Koma chimene chandilembetsa kwenikweni ndi jenereta imene bambo akunyumba akufuna. Usiku wina kuntchito tinalandira banja la anthu anayi. Anaika jenereta m'chipinda chosungira katundu chogundizana ndi chogona, n'kutseka chitseko poopa akuba ndiponso kuti phokoso lisasokoneze anzawo. Anadzuka mutu ukuwawaza, akuchita chizungulire ndi nseru, ndipo onse ankaganiza kuti adya chinthu choipa. Mwana wamng'ono ndiye anali atalefuka kale moti sankayankha bwino. Anapulumuka chifukwa wachibale wina amene anagona pabalaza anakayikira n'kuwatulutsa panja. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha, koma umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200, moti munthu wogona amangopitirira osadzukanso. Jenereta iyenera kukhala panja penipeni, mamita osachepera 6 kuchokera pa zitseko ndi mawindo, utsi wake utaloza kumbali. Galaja yotsegula chitseko si panja, ndipo khonde lotchingidwa si panja. Ngozi yomweyi imachitikanso ndi makala oyaka m'chipinda chotseka. Ngati mulibe malo otere amene angakhalenso otetezeka kwa akuba ndi mvula, maganizo anu a inveta ndi amene ndingawavomereze.

Wa Batire Lachitatu

Achemwali, dzina ndalembali likunena zoona: batire limene ndili nalo panopa ndi lachitatu, ndipo awiri oyambawo ndinawapha ndekha chifukwa chosawerengera. Ndikugwirizana ndi a Namwino kuti inveta ndi yabwino m'nyumba yogona anthu, pakuti ilibe utsi kapena phokoso ndipo imayamba yokha magetsi akangothima, koma ndikuchenjezeni kuti anthu ambiri amakhumudwa nayo chifukwa amayembekezera kuti ichita zonse zimene magetsi a kampani amachita.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire la mavolti 12 lolembedwa 100Ah limasunga mphamvu yokwana ma watt-hour 1,200. Ngati ndi la mtovu ndi asidi, mtundu wakale uja umene Gaston Planté anatulukira mu 1859 ndipo mpaka lero ukadali m'magalimoto athu, simuyenera kulikama kupitirira theka, apo ayi silikhalitsa. Ndiye kuti zanu ndi 600 zokha, ndipo inveta nayo imadyapo zina posandutsa mphamvuyo, moti mumatsala ndi zongopitirira pang'ono 500. Tsopano ikani mababu asanu a LED a mawati 9 lililonse, wailesi yakanema ya mawati 60, laputopu ya mawati 50 ndi kachipangizo ka intaneti ka mawati 10. Zonse pamodzi ndi mawati 165, kutanthauza maola atatu okha. Ketulo kapena simbi imakoka mawati 2,000 kapena kuposerapo, ndipo batire langa loyamba linafa chifukwa m'nyumba mwanga munali amene ankasita malaya mwakachetechete magetsi atathima, poona kuti soketi ikugwira ntchito. Lachiwiri linali batire la galimoto limene ndinagula pofuna kupulumutsa ndalama, osadziwa kuti linapangidwa kuti lizipereka mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa polizitsa injini, osati kukamidwa pang'onopang'ono usiku wonse. Silinathe chaka.

Panopa ndili ndi la lithium la mtundu wa LiFePO4, limene limalola kugwiritsa ntchito magawo 80 pa 100 kapena kuposerapo, limadzaza msanga, ndipo limapirira kutchajidwa maulendo masauzande angapo. Pogula limaboola m'thumba, koma nditawerengera mabatire awiri amene ndinataya, ndinaona kuti chotchipa chija ndi chimene chinandidyera zambiri. Kudzaza msangako musakupeputse, chifukwa kumene magetsi amangobwera kwa maola ochepa, batire la asidi silifika podzaza, ndipo likamakhala losadzaza tsiku ndi tsiku limafooka. Ndi pamenepa pamene sola imathandiza, ngakhale panelo imodzi kapena awiri.

Ngati mukufuna kuti firiji izidalira inveta, gulani yolembedwa kuti pure sine wave, chifukwa zotchipa zija zimatulutsa magetsi okhakhala amene amatenthetsa injini, ndipo ikhale yamphamvu kuposa zimene zalembedwa pafirijipo, pakuti poyamba kulira firiji imakoka mphamvu yochuluka maulendo angapo kuposa imene imagwiritsa ntchito ikakhazikika. Komabe pa nkhani ya jenereta sindingaitaye kotheratu monga achitira a Namwino. Munthu amene ali ndi pampu ya madzi kapena makina a ntchito, kapena amene kwawo magetsi amatha masiku awiri asanabwere, jenereta imamuthandiza pamene batire lagonja. Kwa inu amene mwatchula nyale, wailesi yakanema ndi firiji, inveta ikukwanirani.

Mmisiri Wopuma

Achimwene a batire anena zoona, ndipo ndingowonjezera chinthu chimodzi chimene chimakhudza jenereta ndi inveta zomwe. Pali chizolowezi choipa chopanga nthambo yokhala ndi pulagi mbali zonse ziwiri, n'kulowetsa mbali imodzi ku jenereta, inayo m'soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iyake. Mano a pulagi yachiwiriyo amakhala ndi moto ali pamtunda, koma choopsa kwambiri n'chakuti mukaiwala kutsitsa swichi yaikulu, magetsi anuwo amatuluka kupita ku mawaya a kunja, ndipo thiransifoma, imene imagwira ntchito mbali zonse ziwiri, imawakweza kuchoka pa mavolti 230 kufika pa masauzande ambiri. Munthu amene ali pamwamba pa pholo akukonza waya amene akudziwa kuti ndi wozima akhoza kufa ndi jenereta yanu. Njira yoyenera ndi swichi ya changeover yoikidwa ndi mmisiri, imene siilola kuti magetsi a kampani ndi anu akumane, ndipo mmisiriyo asankhe mbali zochepa za nyumba, monga nyale ndi masoketi awiri kapena atatu, kuti kuka ndi giza zisakhale pa inveta n'komwe. Mukatero, nkhani ya osita malaya mwakabisira ija imatha yokha. Batire la asidi musaliike m'kabati yotseka, chifukwa potchaja limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika, ndipo petulo musathire m'jenereta ikadali yotentha.

Nachisale

Ndabweranso kudzathokoza ndiponso kudzafotokoza mmene zayendera. Ndinafunsa nyumba zinayi. Ziwiri anati madzulo mababu awo amafiira ngati makandulo ndipo ketulo imachedwa kuwira, pamene nyumba ina anati nawonso anapsetsa wailesi sabata yomweyo, koma aliyense ankangoganiza kuti ndi tsoka lake. Mmisiri amene ndinaitana anafika cha m'ma 6 koloko madzulo, ndipo kachipangizo kake kanaonetsa mavolti 281, kenaka 264, kenaka n'kukweranso ife tikuyang'ana. Anatsitsa swichi yaikulu nthawi yomweyo, ndipo usiku umenewo tinagona mumdima magetsi alipo. Tinakadandaula pamodzi mabanja onse, pogwiritsa ntchito mawu amene munandiuza aja, ndipo amene anabwera anapeza kuti cholumikizira cha neutral papholo lachitatu kuchokera kwathu chinali chitadyeka ndi dzimbiri. Anandionetsa atachitsitsa: chinali choyera mbuu ngati phulusa, ndipo waya ankagwedera m'kati mwake. Chikonzereni, mababu akuwala mofanana usiku wonse.

Za mvula zija, inali nyale ya kuseri kwa nyumba. Galasi lake linali ndi mng'alu, ndipo atalitsegula munatuluka madzi okwana theka la kapu pamodzi ndi tizilombo takufa. Kachipangizo koyeza mavolti atiikira kale pabokosi. Nkhani ya jenereta sitinamalize kukambirana, koma amuna anga atawerenga zimene analemba a Namwino anakayeza bwalo lathu ndi mapazi ndipo anabwerako ali chete.

Ndili ndi funso limodzi lotsala. Posuntha firiji tinapeza kuti soketi yake yada mbali imodzi ndipo pulagi imafunda ikagwira ntchito kwa kanthawi. Mmisiriyo anati abweranso kumapeto kwa mwezi kudzaisintha. Kodi ndingapitirize kuigwiritsa ntchito mpaka nthawi imeneyo?

Mmisiri Wopuma

Ayi, mayi, musaigwiritsenso ntchito. Kudako ndi chizindikiro chakuti sikuluwu yogwira waya yakhwefuka kapena timano ta m'kati tatha mphamvu, ndipo pamalo polumikizika mofooka pamatentha nthawi zonse magetsi akamadutsa. Kutenthako kumakhwefulanso kwambiri, moti vutolo limangokulirakulira, ndipo breaker siigwa chifukwa magetsi amene akudutsa sanapitirire muyeso wake. Soketi yotere ili kuseri kwa firiji, pamene pali fumbi ndipo palibe amene amayang'anapo usiku.

Zulani pulagiyo lero. Firiji muilumikize ku soketi ina ya pakhoma, ndipo ngati simungachitire mwina koma kudzera pa ekisitenshoni, ikhale yaifupi, ya waya wonenepa, yotambasula bwino, ndipo pasalowe chinthu china. Pulagi yofundayo nayo isinthidwe, chifukwa mano ake akapserera amakawononganso soketi yatsopano. Ngati ndi ija ya mano atatu a makona yokhala ndi fyuzi m'kati, fyuzi yake isapitirire maampu 13. Muuzeni mmisiriyo kuti posintha soketi adule mbali ya waya imene yapserera mpaka apeze kopa wowala, ndipo popeza mavolti anakwera m'nyumbamo kwa miyezi iwiri, atsegulenso bokosi ndi masoketi a kukhitchini kuti amange masikuluwu onse ndi kuyeza waya wa earth, uja wopititsa m'nthaka magetsi othawa. Akamaliza, adine kabatani ka T kaja inu mukuona. Breaker iyenera kugwa nthawi yomweyo, ndipo inunso muzikadina miyezi ingapo iliyonse.